Bwanji 4s imalowa poyamba n'kutulukanso poyamba?

Madamu Tembo
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi funso la a A-level. Akuti lembani kakhalidwe ka maelekitironi mu Fe²⁺, ion ya chitsulo imene yataya maelekitironi awiri. Ana ambiri akulemba [Ar] 4s² 3d⁴ ([Ar] kutanthauza maelekitironi 18 okhala monga a mu argon), ndipo ukawachongera cholakwa akutsutsa kuti 3d ndiyo inalowa pomaliza, ndiye iyenera kutuluka poyamba. Yankho ndi [Ar] 3d⁶, izo ndikudziwa. Chimene ndikufuna ndi kafotokozedwe kabwino koposa kungowauza kuti lowezani choncho.

A Mwale
Anawo akuganiza bwino, Madamu, kungoti ayambira polakwika. Mndandanda uja wa 1s 2s 2p 3s 3p 4s 3d sukunena za atomu imodzi imene ikudzazidwa ngati ndowa pa mpopi. Ukunena kusiyana kwa element ina ndi yotsatira yake pa tebulo la ma-element. Pa sitepe iliyonse mukuwonjezera zinthu ziwiri, elekitironi imodzi ndi pulotoni imodzi. Koma pochotsa maelekitironi pa atomu ya chitsulo, mapulotoni amakhalabe 26. Choncho njira yobwerera si imene munadzera popita.

Apatseni zinthu zitatu izi pa bolodi, chilichonse chili ndi maelekitironi 20. Ca, mapulotoni 20, ndi [Ar] 4s². Sc⁺, mapulotoni 21, ndi [Ar] 3d¹ 4s¹. Ti²⁺, mapulotoni 22, ndi [Ar] 3d². Chiwerengero cha maelekitironi sichinasinthe, chasintha ndi kukoka kwa nyukiliyasi kokha, ndipo mukuona nokha maelekitironi akusamuka mu 4s kupita mu 3d. Kukoka kukamakula, mphamvu ya 3d imatsika msanga kuposa ya 4s. Fe²⁺ ili ndi maelekitironi 24 monga Cr, koma ikukokedwa ndi mapulotoni 26, ndiye mu 4s simutsala kanthu.

Chisomo D.
Pepani akuluakulu, mwayamba kale kuthamanga. Ena pano timaphunzitsa 2.8.8.2 chabe ku Grade 10, za n ndi l tinazisiya ku yunivesite pa Great East Road tsiku la mayeso omaliza. Wina atibwezere kaye pa manambala anayi aja, tikwere basi imodzi.

A Banda
Palibe vuto, Chisomo. Elekitironi iliyonse mu atomu imadziwika ndi manambala anayi.

Yoyamba ndi n, imene imayenda 1, 2, 3 mpaka m'tsogolo. Imeneyi ndiyo shell ija mumajambula ngati mikombero. n ikakula, elekitironi imakhala kutali ndi nyukiliyasi ndipo kuichotsa kumapepuka. Yachiwiri ndi l, imayambira pa 0 n'kulekeza pa n − 1. Imanena maonekedwe a orbital, dera limene elekitironi imapezekamo: 0 ndi s, yobulungira ngati mpira; 1 ndi p, ya mbali ziwiri ngati mtedza wosasenda; 2 ndi d; 3 ndi f. Yachitatu ndi mₗ, imayenda kuchokera pa −l kudutsa pa 0 kukafika pa +l, ndiye imakhala ndi manambala 2l + 1. Ndiyo imatiuza kuti ma-orbital alipo angati: s imodzi, p atatu, d asanu, f asanu ndi awiri. Yachinayi ndi mₛ, ya spin, ndipo ili ndi mayankho awiri okha, +½ kapena −½.

Lamulo la Wolfgang Pauli la 1925 likuti m'atomu imodzi simungakhale maelekitironi awiri ofanana pa manambala onse anayi. Orbital ikatchulidwa, n, l ndi mₗ zadziwika kale, chatsala ndi spin, ndiye mumalowa awiri basi.

Tsopano werengani shell yachitatu. n = 3 ikulola l = 0, 1, 2. Ma-orbital ndi 1 + 3 + 5, onse 9. Kuchulukitsa kawiri, maelekitironi 18. Kumeneko ndiye kochokera 2n²: 2, 8, 18, 32. Shell yachitatu siidzaza pa 8 ayi. Pa potassium ndi calcium imangoima kaye pa 8, 4s n'kulandira awiri, kenako imapitiriza. Chitsulo ndi 2.8.14.2, zinc ndi 2.8.18.2. Mwana wa Grade 10 akauzidwa kuti shell yachitatu imatenga 8 osawonjezerapo mawu akuti "pa ma-element 20 oyambirira", amakavutika nazo kutsogolo.

Pa mayeso amakonda kufunsa kuti gulu la manambala losatheka ndi liti. Zogwa zimakhala zomwezomwezi: n = 2 ndi l = 2, chifukwa 2d kulibe; l = 1 ndi mₗ = 2; kapena mₛ = 0. Yang'anani l poyamba, nthawi zambiri msampha uli pamenepo.

Chisomo D.
Zikomo a Banda. Manje zilembozo bwanji sizili a, b, c, d?

A Zulu a physics
Zinachokera kwa anthu oyeza mizere ya kuwala kwa ma-element, kale chiphunzitso cha ma-orbital chisanabwere. Mizere ina ankaitcha sharp, ina principal, ina diffuse, ina fundamental, ndipo zilembo zoyambirira ndizo zinatsala. Kupitirira f zimangotsata alifabeti, g, h.

Ndiwonjezepo chimodzi, chifukwa ana amaona ngati manambalawa munthu anangowapeka. Aliyense anabwera chifukwa cha chinthu choyezedwa chimene chinakana kufotokozeka. Niels Bohr mu 1913 anali ndi n yokha, ndipo pa hydrogen inakwanira: mphamvu ya shell ndi −13.6/n² eV. Yesani kuchokera pa n = 3 kutsikira pa n = 2. 13.6 kuchulukitsa ndi 1/4 − 1/9 ikupereka 1.89 eV. Gawani 1240 ndi 1.89, mupeza 656 nm, mzere wofiira wa hydrogen. Kuchokera pa 4 kutsikira pa 2 mupeza 486 nm. Mizere imeneyi Johann Balmer anali ataipezera kale fomula mu 1885, osadziwa chifukwa chake. Arnold Sommerfeld anawonjeza nambala yachiwiri pofuna kufotokoza timizere tating'ono tobisika m'kati mwa mzere umodzi. Yachitatu ikugwirizana ndi zimene Pieter Zeeman anaona mu 1896, kuti mizere imagawanika gwero la kuwala likaikidwa pakati pa maginito. Erwin Schrödinger atalemba equation yake mu 1926, n, l ndi mₗ zinatuluka zokha m'masamu.

Spin ndiyo sinatuluke m'menemo. Mu 1922 ku Frankfurt, Otto Stern ndi Walther Gerlach anadutsitsa maatomu a siliva pakati pa maginito osalingana mphamvu mbali ziwiri, ndipo mtsinje wa maatomuwo unagawanika pawiri. Taonani chimene chikudabwitsa apa: 2l + 1 nthawi zonse ndi nambala yosagawika pawiri, 1, 3, 5, ndiye siingapereke 2. Siliva ndi [Kr] 4d¹⁰ 5s¹. Zonse n'zodzaza kupatula elekitironi imodzi ya mu 5s, imene l yake ndi 0. Kugawanika pawiriko ndi spin ya elekitironi imodziyo. George Uhlenbeck ndi Samuel Goudsmit ndiwo anatulutsa ganizo la spin ku Leiden mu 1925. Chenjezo lokha: musawauze ana kuti elekitironi ndi kampira kozungulira ngati nguli. Dzinalo limanyenga. Chimene chimayezedwa n'chakuti imachita ngati kamaginito kokhala ndi mbali ziwiri zokha zoloza.

Madamu Tembo
A Mwale, ndibwerere kwa inu. Ngati kuyambira pa scandium 3d ili pansi pa 4s, bwanji Sc si [Ar] 3d³? Mwana wochenjera andifunsa zimenezi mawa lomwe.

A Mwale
Funso lenileni ndi limeneli. Tiyambe ndi chifukwa chimene 4s imatsogolera pa potassium. Mu hydrogen muli elekitironi imodzi, ndiye 3s, 3p ndi 3d zili ndi mphamvu yofanana, l ilibe ntchito pa mphamvu. Maelekitironi akachuluka, am'kati amatchinga akunja kuti asamve kukoka konse kwa nyukiliyasi. Apa maonekedwe ayamba kugwira ntchito. Werengani ma-node ozungulira, malo m'kati mwa orbital amene elekitironi siipezeka, ndi n − l − 1. Pa 4s mupeza 3, pa 3d mupeza 0. Kutanthauza kuti 4s, ngakhale mbali yake yaikulu ili kunja, ili ndi timagawo ting'onoting'ono tolowa m'kati mpaka pafupi ndi nyukiliyasi, kumene kulibe chotchinga. 3d silowa choncho. Pa mapulotoni 19 ndi 20 kulowerera kumeneku n'kokwanira kuti 4s ipambane.

Kuyambira pa mapulotoni 21, 3d yafupika ndipo yatsika. Koma kufupikako kuli ndi mtengo wake: ma-orbital a 3d ndi opanikiza, maelekitironi akaunjikana m'menemo amakankhana kwambiri. 4s ndi yotakasuka. Atomu siisankha orbital yotsika pa elekitironi iliyonse payokha, imakhala m'kakonzedwe kamene mphamvu ya atomu yonse ili yochepetsetsa, kukankhana kuwerengedwa pamodzi. Pa Sc chotsika mtengo ndi imodzi mu 3d, awiri mu 4s. Ndiye awiri a mu 4s aja ali kunja kwenikweni, ogwiridwa mosalimba, ndipo ndiwo oyamba kuchoka.

Kwa ana a mayeso, lamulo logwira ntchito ndi ili: lembani atomu yathunthu kaye, kenako chotsani kuyambira pa n yaikulu. Fe ndi [Ar] 3d⁶ 4s². Kuchotsa awiri, 3d⁶. Kuchotsa wachitatu, 3d⁵, ndiyo Fe³⁺. N'chifukwa chake ine ndimakonda kulemba 3d patsogolo pa 4s. Kulemba 4s² 3d⁶ si kulakwa, koma dzanja la mwana limafufuta chimene chili kumapeto a mzere.

A Banda
Kwa amene amasokonezeka ndi chithunzi cha mivi yopingasa chija, pali njira ya masamu, ya Erwin Madelung ya 1936. Phatikizani n ndi l, yochepa ilowe poyamba. Zikafanana, ya n yaing'ono itsogole. 4s ndi 4. 3d, 4p ndi 5s zonse ndi 5, ndiye zimalowa motsatana choncho. 6s ndi 6, pomwe 4f ndi 5d ndi 7, n'chifukwa chake barium imadzaza 6s ma-lanthanide asanayambe. Koma imeneyi ndi ya maatomu athunthu okha, pa ma-ion siigwira.

Amayi Sakala
Pa lamulo la Hund, la kagawidwe ka maelekitironi m'ma-orbital ofanana mphamvu, palibe amene wanenapo. Kumeneko ana amalemba nitrogen ndi mivi iwiri m'bokosi loyamba la 2p, umodzi m'lachiwiri, lachitatu n'kukhala lopanda kanthu. Cholondola ndi muvi umodzi m'bokosi lililonse, yonse yoloza kumodzi. Oxygen ndiyo yoyamba kuika wachiwiri m'bokosi la 2p. Mabuku amati zili ngati anthu okwera basi, aliyense amafuna mpando wake asanakhale ndi mnzake.

Chisomo D.
Amayi, chitsanzo cha basi chimenecho pa siteshoni ya Kulima Tower ku Lusaka sichingagwire. Kondakitala amakuthinitsani anayi pa mzere wakumbuyo, kutsogolo kuli mipando yopanda anthu 😂

Amayi Sakala
Wanena zoona mwanawe, mwina ana athu n'chifukwa chake amathinitsa maelekitironi m'bokosi loyamba. Tisiye basi, tiwapatse manambala. Mphamvu yochotsera elekitironi yoyamba imakwera tikamayenda kupita kumanja pa period, koma pawiri imabwerera m'mbuyo. Mu kJ/mol: beryllium 899, boron 801. Nitrogen 1402, oxygen 1314. Kubwerera koyamba n'chifukwa chakuti elekitironi ya boron ili mu 2p, pamwamba pa 2s ndiponso yotchingidwa ndi 2s². Kwachiwiri n'chifukwa chakuti elekitironi yachinayi ya mu 2p ya oxygen ikugawana orbital ndi inzake, zikukankhana, ndiye imachoka mosavuta. Period yachitatu imabwereza zomwezo: magnesium 738, aluminium 578, phosphorus 1012, sulfur 1000. Apatseni pepala la girafu ajambule okha kuchokera pa lithium mpaka neon. Mano awiri aja a pa girafu ndiwo umboni wakuti shell ili ndi zigawo, 2.8 payokha singawafotokoze.

Za ma-shell enieniwo umboni wake ndi kuchotsa motsatizana. Sodium: 496, kenako 4562. Magnesium: 738, 1451, kenako 7733. Pamene nambala yalumpha ndi pamene mwathyola shell yam'kati. Werengani zochotsedwa musanafike pa kulumphako, mwapeza group.

A Ngoma
Dziko la mkuwa lino, tisamalize osaukhudza. Mwa lamulo la n + l mkuwa, nambala 29, ukanakhala [Ar] 3d⁹ 4s². Woyezedwa ndi [Ar] 3d¹⁰ 4s¹, kapena 2.8.18.1. Chromium nayo ndi 3d⁵ 4s¹ m'malo mwa 3d⁴ 4s². Timauza ana kuti d yodzaza theka kapena yodzaza yonse ndi yokhazikika, ndipo pa mayeso yankho limenelo limalandiridwa.

A Mwale
Limalandiridwa, koma tisalikhulupirire mopitirira. Tsikani pa group ya chromium. Molybdenum ndi 4d⁵ 5s¹, zikugwirizana. Tungsten, pansi pake pomwepo, ndi 5d⁴ 6s², yakana. Niobium ndi 4d⁴ 5s¹, palibe theka lililonse pamenepo. Palladium ndi 4d¹⁰, mu 5s mulibiretu kanthu. Kukanakhala kuti theka lili ndi mphamvu yapadera yokoka elekitironi, carbon ikanakhala 2s¹ 2p³, koma ndi 2s² 2p². Nkhani ndi yomwe ija ya mtengo: pamene s ndi d zayandikana kwambiri, kachinthu kakang'ono, monga phindu la maelekitironi a spin yofanana kapena kupewa kukhala awiri mu s, kamatembenuza sikelo. Pa carbon mpata wa pakati pa 2s ndi 2p ndi waukulu, phindulo silingaulipire. Kwa ana: alowe pamtima Cr ndi Cu, adziwe kuti pansi pa tebulo zilipo zina zambiri, basi.

Ndiponso taonani, a Ngoma, ngati 3d¹⁰ ikanakhala yosakhudzika, m'madzi tikanapeza Cu⁺ yokhayokha. Koma ion ya mkuwa yofala m'madzi ndi Cu²⁺, ya 3d⁹, chifukwa mphamvu imene imatuluka madzi akaizinga ion ya chaji 2+ imabweza mtengo wa kuthyola 3d¹⁰.

A Ngoma
Ndavomera. Ndipo 3d⁹ yomweyo ndiyo imatipatsa chinthu choonetsa ana ndi maso. Sungunulani 2.5 g ya makhiristo a buluu a copper sulfate m'madzi mpaka 100 cm³, imeneyo ndi 0.1 mol/dm³. Pambali pake 2.9 g ya zinc sulfate ya madzi asanu ndi awiri, mulingo womwewo. Mkuwa ndi zinc n'zoyandikana pa tebulo, 29 ndi 30, koma botolo lina ndi la buluu, lina ngati madzi akumwa. Mamolekyu a madzi akazinga ion, ma-orbital asanu a d amagawanika, atatu pansi, awiri pamwamba. Mu Cu²⁺ pamwambapo pali malo amodzi opanda mwini, ndiye elekitironi imameza kuwala kwa mbali yofiira n'kudumphira pamenepo, ife n'kuona buluu wotsalayo. Zn²⁺ ndi 3d¹⁰, kulibe kodumphira. Sc³⁺ nayonso ilibe mtundu, koma pa chifukwa chosiyana: mu d mulibe wodumpha.

Mukafuna kuwonjeza chitsulo, 2.8 g ya iron(II) sulfate pa 100 cm³ imapereka kubiriwira kotuwa. Ikonzeni tsiku lomwelo ndipo mudonthezemo sulfuric acid wosungunula pang'ono. Mukaisiya usiku mpweya umasandutsa Fe²⁺ kukhala Fe³⁺, m'mawa mupeza yachikasu chofiirira, ana n'kulemba mtundu wolakwika. Makhiristo akewo ngati achita dzimbiri m'botolo ndiye kuti ayamba kale kusintha.

Emerald wa ku Lufwanyama amabiriwira chifukwa cha Cr³⁺, ya 3d³. Ruby amafiira ndi ion yomweyo. Chosiyana ndi mwala umene ion yakhalamo, umene umasintha kukula kwa mpata pakati pa ma-orbital a d.

A Zulu a physics
Maelekitironi opanda anzawo muthanso kuwaonetsa ndi maginito. Tengani maginito a neodymium, a mu hard drive yakufa amakwanira. Ikani ufa pang'ono, ngati theka la supuni yaing'ono, m'kapepala kopyapyala, mumange ndi ulusi wautali mita imodzi, mukoloweke. Sendezani maginito pang'onopang'ono cham'mbali. Manganese(II) sulfate, 3d⁵, opanda anzawo asanu, imatsatira maginito moonekeratu. Copper sulfate, mmodzi yekha, imangosuntha pang'ono. Zinc sulfate siitsatira. Masamu a mphamvu ya umaginito wa ion ndi √n(n+2), n kukhala chiwerengero cha opanda anzawo: asanu 5.92, anayi 4.90, mmodzi 1.73.

Zowononga ntchitoyi n'ziwiri. Kumanga kapepala ndi sitepula kapena pini, pamenepo chilichonse chimathamangira maginito, ngakhale shuga. China ndi mphepo. Mwezi wa August tsekani mawindo, apo ayi ulusi uzingovina. Spachula imene inagwira unga wachitsulo musaiyandikize.

Amayi Sakala
Pa kuyesa ndi lawi la moto ndi sodium imene imavuta. Chikasu chake ndi elekitironi yotsika kuchokera mu 3p kupita mu 3s, pa 589 nm, chomwe chija chimaoneka ndiwo zamchere zikasefukira pa moto. N'champhamvu moti thukuta la chala pa waya limakwanira kubisa mtundu wofiirira motuwa wa potassium. Viikani waya wa nichrome mu hydrochloric acid wamphamvu, muwotche, mubwereze mpaka lawi lisasinthe mtundu, ndipo potassium muiyang'anire kudzera m'galasi la buluu la cobalt. Sodium muiyese pomaliza.

Madamu Tembo
Pali funso lina limabwera m'mapepala oyeserera: perekani manambala anayi a elekitironi yomaliza ya oxygen. Ana ena akulemba mₗ = −1, ena +1. Ndichonge liti?

A Banda
n = 2 ndi l = 1 n'zosakambirana. Pa mₗ ndi mₛ palibe yankho limodzi lochokera m'chilengedwe. Popanda maginito ma-orbital atatu a 2p ndi ofanana mphamvu, ndipo maelekitironi alibe zizindikiro zoti uyu ndiye anabwera mochedwa. Chizolowezi cha mabuku ambiri n'kulemba mabokosi −1, 0, +1 kuchokera kumanzere, mivi yoyamba kuloza kumwamba ngati +½, ndiye yachinayi imakhala mₗ = −1, mₛ = −½. Buku loyambira pa +1 lipereka +1. Landirani onse awiri ngati mwana wajambula mabokosi ndi kuwalemba manambala. Ngati mukulemba funso nokha, funsani kuti "perekani gulu limodzi lotheka".

A Zulu a physics
Ndipo asalembe kuti pₓ ndi +1, pᵧ ndi −1. Ya z yokha ndiyo mₗ = 0. Ziwiri zinazo n'zosakaniza za +1 ndi −1.

Chisomo D.
Ndiyeseko muone ngati ndakwera. Co²⁺: cobalt ndi 27, [Ar] 3d⁷ 4s², kuchotsa awiri a 4s, [Ar] 3d⁷, opanda anzawo atatu. Cu⁺: [Ar] 3d¹⁰, yopanda mtundu m'madzi. Cr³⁺: kuchotsa awiri a 4s ndi mmodzi wa 3d, [Ar] 3d³. Pb²⁺: lead ndi [Xe] 4f¹⁴ 5d¹⁰ 6s² 6p², n yaikulu ndi 6, ndiye ndachotsa 6s², kwatsala 6p².

A Mwale
Co²⁺ ndi Cu⁺ zili bwino. Pa Cr³⁺ yankho lakhoza koma njira yaphonya: chromium ili ndi mmodzi yekha mu 4s, ndiye wachotsa mmodzi wa 4s ndi awiri a 3d, kuchokera pa 3d⁵ kufika pa 3d³. Ukanafunsidwa Cr⁺ ukanagwa, chifukwa ndi 3d⁵. Pa lead wabwerera chagada. n ikafanana, yamba ndi l yaikulu, p isanachoke s siikhudzidwa. Pb²⁺ ndi [Xe] 4f¹⁴ 5d¹⁰ 6s². Yesanso ndi Sn²⁺ ndi Sn⁴⁺, tin ndi nambala 50.

Chisomo D.
Sn ndi [Kr] 4d¹⁰ 5s² 5p². Sn²⁺ ndi [Kr] 4d¹⁰ 5s², Sn⁴⁺ ndi [Kr] 4d¹⁰.

A Mwale
Eya, ndi zimenezo.

Madamu Tembo
Zikomo nonse. Mawa ndiyamba ndi Ca, Sc⁺ ndi Ti²⁺ pa bolodi, Fe²⁺ ibwere pambuyo. A Zulu, manganese(II) sulfate ikasowa m'labu, iron(III) chloride ingalowe m'malo?

A Zulu a physics
Ingalowe, nayonso ndi 3d⁵. Koma imayamwa chinyezi n'kusungunuka, kapepala kamanyowa n'kung'ambika. Iikeni m'kathumba ka pulasitiki komanga bwino, ndipo musaigwire ndi manja.